Chikho cha Amfumu Sindidwala

Tsekani kaye zenera ilo, ndipo wokhala kukhomo aziyang'ana kunjira. M'dziko lathu lino la Zilibwino mawu amachoka pakamwa pako m'mawa ali osavala, pofika masana akhala kale kunyumba yachifumu atavala jekete ya munthu wina. Ine ndine Nachisale, ndimagulitsa mandimu ndi jinja pamsika wa Nong'onong'o, pafupi ndi pamene amaima a kabaza. Sukulu sindinapondeko, koma maso ndili nawo awiri, ndipo onse ndi amantha.

Amfumu athu ndi a Sindidwala Achiwiri. Oyamba aja, bambo awo, tinawaika m'manda kalekale, koma wailesi inatitsimikizira kuti sanadwale ayi, anangogona mopitiriza. Ndiye chaka chimene mliri wa chifuwa unayamba kugwetsa anthu m'maiko oyandikana nafe, Amfumu analamula kuti mliriwo usalowe muno. Lamulolo analilemba pa chikwangwani chachikulu n'kukachiimika kumalire. Mliriwo uyenera kuti uli ngati ine, sudziwa kuwerenga. Unadutsa pansi pa chikwangwanicho n'kufika mpaka kumsika kwathu, kumene unayamba ndi mkulu wogulitsa makala.

Lamulo lachiwiri linati popeza mliri unaletsedwa, ndiye kuti kulibe, ndipo wotchula dzina lake akagona kupolisi. Ife tinkangoti mlendo uja. Uje sakuoneka bwanji masiku ano? Wafikiridwa ndi mlendo uja. Komabe makoleji onse anawatseka, ati pofuna kupenta makoma, ndipo mdzukulu wanga Fatsani anabwerera kunyumba ndi chikwama chake.

Mwana ameneyu ndinamulera ndekha amayi ake atatisiya. Anabadwa ndi chifuwa cholira ngati kamwana ka mphaka kukazizira, achipatala amati mphumu. Ndinamuletsa kusambira kumtsinje, kukwera mitengo, kudya kwa eni, kuloza manda ndi kuimba mluzu kukada. Mpira wokha ndinaiwala kumuletsa, ndipo ndi umene anautola. Lero ndi kaputeni wa timu ya Koleji ya Dikirantchito, ndipo kolejiyo imamuphunzitsa ulere chifukwa cha mwendo wake wamanzere. Mwendowo ukasiya kumenya mpira, mutu nawo auchotsa m'kalasi. Izi muzisunge, chifukwa ndi pamene panagona vuto langa lonse.

Miyezi imene anakhala kunyumba inali yanga yokoma. Ankaphunzira pa foni atakhala pamwamba pa chulu, pomwe pokha pamafika netiweki, ine ndili pansi pa chulucho kumuchenjeza za njoka. Ankadandaula kuti aphunzitsi akumveka ngati akulankhulira mumtsuko. Ine ndinkati mtsuko sukhosomola, phunzira choncho.

Zakunyumba yachifumu ndimazimva kwa Esitere, mtsikana wochapa zovala kumeneko, amene amabwera kudzagula mandimu kwa ine. Iye ndi amene anandiuza za tsiku limene Amfumu anaitanitsa nduna zawo atanyong'onyeka. Akuti anayasamula, n'kufunsa kuti kodi Chikho chawo chaka chino chili kuti.

Osadziwa za Chikho cha Amfumu amve. Chaka chilichonse makoleji amapikisana pa mpira wamiyendo. Tsiku lomaliza chikhocho amachidzaza thobwa. Amfumu amamwa koyamba, kuchotsa ufiti monga amachitira mwini mowa, kenako amapatsa kaputeni wa timu yopambana, iye apatsa mnzake, mnzake apatsa mnzake, mlomo pa mlomo mpaka pansi pauma. Likatha phwando, chikhocho chimakagona kwa kaputeni mpaka chaka china. Ndi mwambo umene anauyambitsa a Sindidwala Oyamba, ndipo pa nthawiyo sunali kupha munthu.

Nduna ya Zamasewera ndi Kuwomba M'manja, a Chimphepo, inadzuka n'kunena kuti funso la Amfumu linali lanzeru kuposa mayankho onse amene angaperekedwe. Inati achinyamata afooka kumidzi ndi kudya mbatata, ndipo dziko lopanda mpira lili ngati ng'oma yopanda chikopa. Kenako onse anatembenukira kwa a Dokotala Palibekanthu, Nduna ya Zaumoyo ndi Kutsutsa Mphekesera. Iwo akuti anakonza tayi n'kufotokoza kuti malinga ndi kafukufuku amene anachita ali m'galimoto pobwera, chinthu chimene kulibecho chimakonda anthu okhala phee, monga ana a m'kalasi, koma sichingagwire munthu wothamanga, chifukwa chilibe miyendo. Nduna zonse zinawomba m'manja. Esitere akuti imodzi inalira.

Mawa lake galimoto ya chimkuzamawu inazungulira msika. Inalengeza kuti ophunzira onse abwerere kumakoleji, kuti makalasi akhalabe otseka poteteza miyoyo, koma mabwalo a mpira atsegulidwa. Wokana kusewera, inatero, alongedze katundu wake.

Bitoni wa kabaza anamvetsera atatsamira njinga yake, n'kunena kuti iye ndiye wapulumuka, popeza amapalasa tsiku lonse, koma akumvera chisoni pasenjala wokhala phee kumbuyo. Mnzanga aNasimango, amene amayala usipa pafupi ndi mandimu anga, anafunsa ngati maliro nawonso tiziyenda chothamanga. Wina anati ayi, maliro mulibe vuto, mwini wake anagwidwa kale. Tinaseka chapansipansi, aliyense akuyang'ana kwina.

Ine sindinaseke nthawi yaitali. Ndinasoka mamasiki kuchokera ku chitenje changa cha kutchalitchi, ndinadzaza thumba ndi mandimu, ndipo ndinamuperekeza Fatsani mpaka pachipata cha koleji. Njira yonse ndinkamuuza: usapereke moni wam'manja, usabwereke supuni, usakhale kumene mphepo ikupita, ukaona munthu akutsegula pakamwa kwambiri, thawa, ngakhale akuyimba nyimbo ya Mulungu. Iye ankangoti chabwino agogo, chabwino agogo, maso ali ku bwalo la mpira.

Pachipatapo panali mlonda ali ndi kamfuti koyezera kutentha. Nditaona akulozetsa mwana wanga pamphumi ndinakuwa, koma anandilimbitsa mtima kuti kalibe batire. Aliyense ankamuuza nambala imodzimodzi, imene inachokera ku unduna. Panalinso ndowa yampopi yosambira m'manja, yatsopano, yolembedwa dzina la Amfumu. Madzi okha ndi amene anali asanavomerezedwe. Kumalo ogona, chipinda chimene chinamangidwira ana awiri chinali ndi ana ongodzadza ngati matemba m'chitini, koma a Dokotala anali atalamula kuti azigona mosemphana, mutu wa uyu kumapazi a uyo. Fatsani anati nzeru imeneyo inali ndi phindu, chifukwa chinthu chilichonse chokumana ndi mapazi a mnzake Gidiyoni chimabwerera chokha.

Mpikisano unayamba ndi malamulo atsopano. Woyimbira mpira sakanatha kuliza wenzulo atavala masiki, ndiye anamupatsa belu la ng'ombe. Mpira ukatuluka kunja ankausambitsa ndi sopo, kotero wobwezera m'bwalo unkamupulumuka m'manja ngati mlamba. Oonerera analetsedwa, ndipo a Chimphepo anadzaza mabenchi ndi zidole zoopsezera mbalame zimene analanda m'minda ya mapira. Mbalame zinadya mapira a chigawo chonse. Amfumu atabwera kudzaona masewero amodzi anakwiya kuti khamulo silinawombe m'manja iwo pofika. Zidole ziwiri zinamangidwa. Tsiku lotsatira anthu analoledwa kubwerera kumabenchi, bola aziwomba.

Ine ndinkapemphera m'mawa ndi madzulo kuti Dikirantchito igonje msanga, mwana wanga abwerere kuchulu kwake. Koma mwendo wamanzere uja sumva pemphero. Anagonjetsa uyu, anagonjetsa uyo, mpaka anafika ku ndime yomaliza, kukakumana ndi Koleji ya Mutuukulu. Goloboyi wa Mutuukulu anali Waisoni, mdzukulu wa aNasimango. Msika wonse unatiyamikira awirife ngati kuti tabereka mapasa.

Sabata ya masewero omalizawo, Esitere anabwera n'kugula dengu lonse la mandimu osanenerera mtengo. Munthu akagula osanenerera, funsani amene akudwala. Ndinamukodolera kuseri kwa matumba a makala, ndipo anandinong'oneza kuti masiku ano sakuchapanso malaya, akungochapa mipango ya m'mphuno. Akuti Amfumu akakhosomola makatani amagwedezeka. Akuti ndiwo zonse akuzipeza zopanda mchere, ndipo wophika ali kale m'chitokosi. Akuti nduna zikamalowa kuchipinda kwawo zimagwira mpweya kukhomo, n'kulankhula mofulumira ngati zothamangira kuchimbudzi. Wailesi madzulo amenewo inalengeza kuti Amfumu ali bwino kuposa kale, ndipo phokoso limene likumveka kunyumba yachifumu ndi lokonza kummero pokonzekera mawu a tsiku la Chikho.

Ndinaona chikho, ndinaona mlomo wa Amfumu, ndinaona amene amamwa wachiwiri. Ndinasiya benchi yanga m'manja mwa Bitoni n'kupita ku koleji, kumene ndinamuitana Fatsani kudzera pa mpanda wa waya. Anabwera ali thukuta lokhalokha, ndipo ndinamuuza kuti aime pomwepo, asayandikire.

"Loweruka ugonje," ndinatero.

"Agogo, mwadya?"

"Usandifunse za kudya. Mlendo uja wafika pa mpando waukulu. Ukapambana, iwe ndi amene umwe pambuyo pawo, ndi kachifuwa kakoko."

Anayang'ana uku ndi uku. Anati akakana kusewera amuchotsa sukulu, akakana kumwa amumanga. Ndinati sindinanene kuti akane chilichonse. Asewere, athamange, atuluke thukuta, koma agonje.

"Mpira sugonja choncho, agogo. Anthu aona."

"Aone. Anthu omwewo adzabwera kudzadya nyemba pamaliro pako, n'kumati anali kumenya bwino mwana uja."

Anati alankhula ndi anzake. Ndinamuponyera mandimu awiri pamwamba pa waya n'kumuuza kuti awatsuke.

Ndinabwerera kumsika mtima uli m'malo pang'ono, koma ndinapeza aNasimango akumanga usipa wawo mofulumira, maso akuthawa anga. Ndinawafunsa kumene amapita dzuwa likadalipo. Anati kukaona mdzukulu. Apo ndinadziwa kuti Esitere sanagule mandimu okha tsiku limenelo, anagulanso usipa.

Takhala moyandikana ndi mayi amenewa kuyambira msika uli wa udzu. Tinalirira limodzi amuna athu. Koma tsiku limenelo tinayang'anizana ngati atambala.

"Fatsani wanu ndi katswiri," anatero iwo. "Mulungu amupatse chipambano."

"Bwezani mawu amenewo, aNasimango."

"Sindibweza. Apambane ndithu, ndi zigoli zambiri."

"Apambane Waisoni wanu, ndi manja ake ngati mafosholo. Anyamule chikho, amwe mpaka pansi."

Anthu anatizungulira. Wapolisi wa pamsika anabwera kudzamva mlandu, koma atapeza kuti tikungofunirana zabwino anachoka akukanda m'mutu. Bitoni anati pa zaka zake zonse sanamvepo madalitso onunkha chonchi.

Loweruka bwalo linadzaza. Ine ndinakhala pa benchi yapamwamba penipeni, kumene mphepo imachokera, nditavala mamasiki awiri ndi duku lachitatu. ANasimango anakhala mbali inayo. Amfumu anafika atavala chikhoti dzuwa likuswa mtengo, ndipo anakhala pampando wawo pakati pa nduna. Ndinaona mipando ya ndunazo ikuyenda yokha pang'onopang'ono, wina kumanja, wina kumanzere, mpaka Amfumu anatsala pakati ngati chitsa m'munda wolima. Anapatsidwa chimkuzamawu kuti atsegulire masewero. Zimene zinatuluka m'menemo zinaulutsa akhwangwala pa denga la bwalo. A Chimphepo anayamba kuwomba m'manja, ndipo anafotokozera khamu kuti Amfumu alankhula mwachidule koma mozama.

Belu la ng'ombe linalira. Mpira unaikidwa pakati, ndipo palibe anaufuna. Anyamata a Dikirantchito anaupereka kwa a Mutuukulu mwaulemu, a Mutuukulu anaubweza mwaulemu woposa. Waisoni anatsamira chitsulo cha golo lake n'kumayang'ana mitambo ngati mlimi wodikira mvula. Nkhanga zinali zitapangana kusanapse, koma zinapangana m'magulu awiri.

Amene anayamba kuganiza anali Gidiyoni wa mapazi uja. Anatenga mpira, anatembenuka, n'kuthamangira ku golo la timu yake yomwe. Goloboyi wawo anamupatsa njira, mpira n'kulowa. Anyamata a Dikirantchito anakumbatirana, kenako anakumbukira mlendo uja n'kusiyana msanga. A Mutuukulu anaona kuti akutsogola ndipo nkhope zawo zinagwa. Pasanapite nthawi nawonso anathira m'golo mwawo, Waisoni akuwalozera ngodya yabwino. Kuyambira pamenepo bwalo linatembenuka ngati chovala chovalidwa kunja m'kati. A Mutuukulu anakaima kutchinga golo la Dikirantchito, a Dikirantchito anakaima kutchinga golo la Mutuukulu, ndipo sindinaonepo ana akumenya mpira ndi mtima wonse ngati tsiku limenelo. Ankagwa, ankadzuka, ankakokana malaya, aliyense akulimbirana kugonja.

Wolengeza pa wailesi, amene anthu ankamumvera pa mafoni ali m'bwalo momwemo, anayesetsa kwa kanthawi, kenako anayamba kuwerenga uthenga wa maliro. Amfumu, pakati pa kukhosomola, anafunsa chimene chinkachitika. A Chimphepo anayankha ali patali, atakweza mawu, kuti kameneka ndi kaseweredwe katsopano kochokera kumaiko a kunja, ndipo Zilibwino ndi dziko loyamba kukadziwa bwino. Amfumu anagwedeza mutu mokhutira.

Nthawi itatsala pang'ono kutha, zigoli zinali zofanana. Ndiye mpira unadumpha kuchokera mu chipwirikiti n'kugwera patsogolo pa Fatsani, pakati pa bwalo, kumanzere. Unadunda kamodzi, mokoma, ngati mwana wopempha kunyamulidwa. Iye anandiuza pambuyo pake kuti ankafuna kuutaya kunja kwa bwalo, kuminda, kuti nthawi ithe. Ndikumukhulupirira. Analoza kumwamba ndithu. Koma mwendo umene wakhala ukuchita chinthu chimodzi kuyambira ali ndi zaka zosavala sungaphunzire china tsiku limodzi. Mpirawo unakwera, unapinda ngati chikwakwa, n'kuyamba kutsika molunjika golo la Mutuukulu. Anzake a Fatsani analumpha kuti autchinge, koma unawadutsa pamwamba. Waisoni anauona ukubwera, ndipo anapatuka n'kuyang'ana kumbali ngati mkamwini wakumana ndi apongozi ake panjira.

Belu linalira. Anyamata a Mutuukulu anavina, anagubuduka pa udzu, anamunyamula Waisoni pamapewa. A Dikirantchito, akatswiri a dziko lonse, anakhala pansi atagwira m'mutu. Kutsidya ndinamva nthungululu imodzi yaitali, ndipo ndinamudziwa mwini wake.

Anabweretsa chikho, chachikulu ngati mtondo waung'ono, thobwa lili ngundangunda. Amfumu anachigwira, anamwa, ndipo chifuwa chinawapeza mlomo ukadali m'katimo. Bwalo lonse linamva thobwa likubwebweta. Anapukuta pakamwa n'kutambasula manja kwa kaputeni. Ine ndinafuna kukuwa, koma mamasiki awiri ndi duku anandigwira mawu. Ndinatsika mabenchi ndikugwira mitu ya anthu osawadziwa, ine amene sindinakhudze munthu chaka chonse.

Fatsani anagwada. Analandira chikho ndi manja awiri. Anachiyang'ana m'kati nthawi yaitali, kenako anakweza maso n'kundiona ndili pa waya. Sindikudziwa chimene anaona pankhope panga, popeza panangotsala maso. Mwina anakumbukira tsiku limene anatsogola kumwa thobwa pa chinkhoswe cha azakhali ake, amalume ake asanalawe, ndipo ndinamukoka khutu kuchokera pabwalo mpaka kuseri kwa nkhokwe. Anayenda chogwada mpaka pamapazi pa a Chimphepo, n'kukweza chikho pamwamba pa mutu wake.

"Pepani bwana," anatero, ndipo chimkuzamawu chinali pafupi. "Kwathu mwana samwa akulu akuyang'ana. Agogo anga ali apo, angandimenye pagulu."

Kenako kumabenchi munthu wina, ndikuganiza Bitoni, ananena mosakweza kuti akulu ayambe. Mawuwo anayenda benchi ndi benchi, mwaulemu, ngati nyimbo ya pamaliro. Akulu ayambe. Akulu ayambe. Amfumu anasangalala kwambiri. Anati pa ufumu wawo wonse sanaonepo mwana woleredwa chonchi, ndipo analoza a Chimphepo kuti amwe.

A Chimphepo ndi munthu wa imvi mpaka m'makutu. Anachigwira chikhocho ndi nsonga za zala, atatambasula manja ngati wanyamula mphika wa moto. Anati ulemu umenewu ndi waukulu, koma mwambo ndi mwambo, ndipo iwo sangamwe pamaso pa a Dokotala Palibekanthu, amene ndi akulu kwa iwo kutalitali. A Dokotala, amene amadetsa tsitsi lawo ndi mankhwala ndipo chaka chilichonse amakondwerera zaka zomwezomwezo, anati zimenezo n'zabodza, iwo ndi mwana wa dzulodzuloli.

"Munandibereka kumsana inu," anatero a Chimphepo. "Ndikukumbukira mbereko yake."

"Ine pobadwa inu munali ndi ndevu, bwana."

Chikho chinayamba ulendo. Chinapita kwa Nduna ya Misewu, imene inati ikadali kuyamwa. Chinapita kwa Nduna ya Chuma, imene inalumbira kuti mano ake ndi oyamba. Mkulu wa asilikali, mwamuna wa zidzukulu zodzaza lole, anati iye kwawo amadyabe ndi ana. Sindinadziwe kuti dziko lathu likulamulidwa ndi makanda. Amfumu anayamba kutopa. Anamenya ndodo pansi n'kulamula kuti a Dokotala, monga mwini zaumoyo, amwe pompo kuti ena atsatire.

A Dokotala anachiyang'ana chikhocho. Thukuta linatsika, ndipo linali lakuda chifukwa cha mankhwala a tsitsi. Anachiika pansi pang'onopang'ono, anatola chimkuzamawu, n'kulengeza kuti alandira kumene uthenga wadzidzidzi. Mliri woopsa wa chifuwa, anatero, walowa m'dziko la Zilibwino masana omwe ano, nthawi ya masewero, kudzera kuchipata chakumpoto. Kuyambira tsopano kumwera chikho chimodzi n'koletsedwa, misonkhano n'njoletsedwa, makoleji atsekedwa, ndipo aliyense apite kwawo osayang'ana m'mbuyo. Nduna zinawomba m'manja zikuthamanga. Amfumu anatengedwa kukapuma, akufunsabe kuti ndani wamwa.

Potuluka, Bitoni anati akuthokoza kuti mlendo uja wapatsidwa dzina tsopano, chifukwa wakhala nafe nthawi yaitali ngati mkamwini wosadziwika kwa ankhoswe. Wina anafunsa ngati mkulu wa makala uja amuuza kuti anafa mliri usanafike. Wailesi usiku wake inayamikira a Dokotala chifukwa chotulukira mliri tsiku lomwelo umene unalowa, chinthu chimene maiko ena onse analephera.

Fatsani anafika kunyumba mawa lake. Ndinamuimitsa kumpanda, ndinamupatsa ndowa, sopo ndi masamba a bulugama, ndipo zovala zake ndinazinyamula ndi ndodo. Nditamumvetsera kumsana ndinapeza kamphaka kaja kali m'tulo. Sukulu sanamuchotse, chifukwa sungachotse mwana amene Amfumu amutcha woleredwa bwino. Ndinali pafupi kukhala pansi kuti ndipume koyamba chaka chimenecho, pamene ndinaona Bitoni akutsitsa chinthu pa njinga, chokutidwa ndi jezi, akuchigwira mosamala kuti chisatayike.

Ndinali nditaiwala mbali yotsiriza ya mwambo. Chikho chimakagona kwa kaputeni. Ndipo wa kunyumba yachifumu amene anachipereka ananenetsa zinthu ziwiri: thobwa limene Amfumu alawa silitayidwa pansi, ndi mlandu waukulu, komanso chaka chamawa chikhocho chibwerere chopanda kanthu.

Chili kuseri kwa khola la nkhuku. Ndachivundikira ndi dengu, pamwamba ndaika mwala, ndipo nkhuku ndazisamutsa. Madzulo chimalira chokha, thobwa likusasa. Mukadutsa kwathu musayandikire, ndipo ana anu muwagwire dzanja.

ANasimango anabwera patapita masiku, atanyamula kambale ka usipa, kudzapepesa za nthungululu ija. Tinakhala patalipatali pakhonde, n'kuseka mpaka misozi. Pochoka ndinawauza kuti mlendo sachoka kukhosi kuli gwa, kuseriku kuli thobwa lachifumu, ndipo iwo ndi akulu.

"Ine?" anatero, akumanga chitenje. "Inu aNachisale, si inu munandiphunzitsa kuyenda?"

Ndiye ndikudikira. Nduna zimadutsa kuno nthawi ya dzinja, zikamagawa makasu pamaso pa ojambula. Fatsani ndamuuza kale kuti ikadzangoima galimoto, asambe m'manja, avale masiki, agwade bwinobwino ndi chikho m'manja.